Sipika kapena kakompyuta? Zomwe ndinayankhula pa msonkhano wa Loweruka

Amene munajomba Loweruka lapitali, a Mlembi andiuza kuti ndilembe zomwe ndinayankhula kuti tsiku la voti pasapezeke wina wonena kuti sanamve. Ndalemba momwe ndinayankhulira, ndangochotsamo poseka ndi pomwe ndinasokonekera.

Kumbuyoko mukundimva? Ngati simukundimva musadandaule, nkhani ya sipika tifikako.

Nonse mukudziwa chomwe chatisonkhanitsa. Ndalama zomwe tinapeza potsuka magalimoto miyezi inayi ija, kuphatikiza zopereka zathu za pamwezi, zili m'manja mwa a Msungichuma, ndipo Loweruka likubwerali tivota kuti tigulire chiyani. Maganizo alipo awiri. Anyamata a nyimbo akuti tigule sipika yayikulu ya batire, tizibwereketsa pa zinkhoswe ndi ma bridal shower, kalabu izipeza kangachepe. Ine ndi anzanga ochepa tikuti tigule zipangizo za timakompyuta ting'onoting'ono tolumikiza. Ndaimirira pano kuti ndifotokoze mbali yathu, ndipo ndinena zabwino zake ndi zoipa zake zomwe, chifukwa ndalamazi tonse tinanyowa nazo.

Choyamba taonani kanthu ndanyamulaka. Kukula kwake ngati khadi ya ku banki. Ena mukuyesa ndachotsa mu wailesi yakufa. Ayi, iyi ndi kompyuta yathunthu, dzina lake Raspberry Pi. Iyi ndi mtundu wachitatu, womwe unatuluka mu 2016. Anandipatsa ndi msuweni wanga yemwe amagwira ntchito ku Johannesburg. Kuntchito kwawo anasiya kukagwiritsa ntchito, iye n'kukakulunga mu sokosi, n'kupatsira munthu wobwera pa basi.

Kanandipeza pa nthawi yake. Nditalemba MSCE ndinangokhala pakhomo, ndipo ambiri muno mukudziwa moyo umenewo. Kudzuka, kusesa, kutsuka mbale, kenako kudikira. Kudikira zotsatira, zikatuluka kudikira masankho a ku yunivesite, uku anthu a mu mpingo akukufunsa sabata iliyonse kuti "nanga pano mukutani?" Mayi ataona kuti ndayamba kugona masana anandituma kuti ndizikathandiza amalume, omwe ali ndi benchi yokonzera mafoni cha ku Malangalanga. Ntchito yanga inali kulandira makasitomala, kusunga timasikuluu m'chivindikiro cha botolo, ndi kukagula chipisi nthawi ya nkhomaliro. Kasitomala akandipeza ndekha amati, "Sisi, aitaneni eni ake." Zinkandipweteka, koma chilungamo chake n'choti nthawi imeneyo sindinkadziwadi kanthu.

Pa benchi paja ndi pomwe ndinaona chinthu chomwe chandipangitsa kuimirira pano. Pansi pa tebulo la amalume pali katoni ya mafoni akufa. Ambiri mwa iwo chafa ndi chimodzi chokha. Ina sikirini, ina potchajira, ina kachipangizo kamodzi kamene kanawotchereredwa pa bolodi. Kamera ili bwinobwino, sipika ili bwinobwino, koma foni yonse yapita. Mafoni ambiri a masiku ano amamatidwa ndi guluu, batire osachotseka, ndipo sipeya ya mtundu wina silowa pa mtundu unzake. Amalume amati, "Mphwanga, zinthu izi sanapangire ife okonza, anapangira ogula ina."

Tsopano taganizirani njinga ya kabaza. Tcheni chikaduka mumagula tcheni. Sipoko ikathyoka mumasintha sipoko. Chishalo cha njinga ina chimalowa pa inzake, ndipo wokonza mumupeza pansi pa mtengo uliwonse. N'chifukwa chake njinga imodzi imadyetsa banja zaka ndi zaka. Palibe amataya njinga chifukwa belu lafa. Kakompyuta aka anakapanga ndi nzeru ya njinga, osati ya foni. Pakokha kalibe sikirini, kalibe kiyibodi, kalibe batire. Chilichonse mumachita kulumikiza, ndipo polumikizira pake ndi pomwe tinazolowera kale. Sikirini yake ndi TV iliyonse yokhala ndi polowetsa waya wa HDMI. Kiyibodi ndi mawusi ndi za USB zomwezi. Moto kamadya wa mavolti 5 ngati foni. Ndati mavolti, a Tcheya, mavoti ndi a Loweruka. Ndipo mapulogalamu ake onse amakhala pa memori khadi ngati yomwe mumasungira nyimbo. Kiyibodi ikafa mumasintha kiyibodi basi. Memori khadi ikavuta mumaikamo ina. Mukafuna kuti lero kagwire ntchito ina, mumangosintha khadi.

Ndiye pali timano iti, tilipo 40. Apa ndi pomwe kamasiyana ndi laputopu. Pa timano timeneti mumalumikiza zinthu zakunja: kababu, kabelu, sensa yoyeza kutentha, sensa yoyeza chinyezi cha dothi, kapena kaswitchi kotsegula ndi kutseka pampu. Laputopu imangokuonetsani zinthu pa sikirini, koma aka kamatha kumva zomwe zikuchitika pakhomo n'kuchitapo kanthu.

Mbiri yake ndi yaifupi. Kanayamba kugulitsidwa mu February 2012. Eben Upton ndi anzake ku yunivesite ya Cambridge ku England anaona kuti achinyamata ofuna kuphunzira za makompyuta akuchepa, ndipo obwerawo sadziwa zambiri za mkati mwa makina. Chifukwa chimodzi chinali choti kompyuta ya pakhomo inali yodula, makolo osalola mwana kuitsegula kapena kuiseweretsa. Ndiye anati tiyeni tipange yotchipa, yoti mwana akaiwononga pakhomo pasagwe maliro. Mtengo wake unali madola 35. Iwo ankayembekezera kugulitsa masauzande ochepa, koma pofika 2024 anali atagulitsa oposa 60 miliyoni, ndipo ambiri amapangidwa ku fakitale ya Sony ku Wales. Chodabwitsa n'choti ogula ambiri lero si ana a sukulu, ndi makampani omwe amatiika m'kati mwa makina awo. Choncho amene mukuganiza kuti ndi chidole, ayi ndithu.

Kalinso ndi kang'ono kake, aka ka buluu. Aka ndi Arduino, kanayambira mu tauni ya Ivrea ku Italy mu 2005, ndipo mmodzi mwa oyambitsa ndi Massimo Banzi. Aka sikompyuta yoti mungalemberepo kalata kapena kuonera kanema. Kamangogwira ntchito imodzi yomwe mwakauza, mobwerezabwereza, osatopa. Eni ake anaika mapulani a kapangidwe kake poyera kuti aliyense atengere, n'chifukwa chake makampani ambiri amapanga tofanana nako totchipa. Kanga aka ndi kotero.

Tsopano nkhani yomwe imatikhudza tonse, magetsi. Mukukumbukira 2022, namondwe Ana atawononga damu la Kapichira pa Shire mu January, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130. Ambiri muno tinawerengera mayeso pa tochi ya foni. Kompyuta yapatebulo ndi sikirini yake zimatha kudya mawati 100 kapena kuposa, ndipo magetsi akazima nayo yazima. Raspberry Pi iyi, popanda sikirini, imadya mawati awiri kapena atatu. Tiyeni tiwerengere limodzi, a Physics mundithandize. Batire la njinga yamoto la mavolti 12 ndi ma amp hour 7, mukachulukitsa mupeza 84. Batire la mtundu umenewu silifuna kulikama mpaka kuuma, ndiye titenge theka, 42. Gawani ndi mawati atatu, mupeza maola 14. Chotsaniko zotayika m'njira, mutsalabe ndi maola oposa 10. Chofunika pakati pa batire ndi kakompyuta ndi tchaja ya m'galimoto ija, yotsitsa mavolti 12 kufika pa 5. Mukawonjezera kasola kakang'ono, nkhani ya kuzima kwa magetsi yatha.

Mwina wina akuti izi ndi za azungu, kuno sizingatheke. Ndikuuzeni kuti nzeru imeneyi inagwira ntchito mu Lilongwe muno Raspberry Pi isanabadwe n'komwe. Mu 2001, ku chipatala chachikulu cha Kamuzu Central, chomwe nthawi imeneyo chinkatchedwa Lilongwe Central Hospital, Gerry Douglas ndi anzake a Baobab Health anayamba kulembetsa odwala pa kompyuta ku gawo la ana. Sanagule makompyuta akuluakulu. Anatenga timakina totchedwa i-Opener, tomwe ku America tinapangidwira kungolowera pa intaneti ndipo malonda ake anali atagwa. Anatigula totchipa, n'kutisintha, n'kuikapo sikirini yongodina ndi chala kuti kalaliki kapena namwino yemwe sanagwirepo kiyibodi athe kugwiritsa ntchito. Timakinato tinkadya moto wochepa, motero tinkatha kuyendera mabatire magetsi akazima. Pambuyo pake njira imeneyi inafalikira m'zipatala zambiri, makamaka kosungira mbiri ya olandira ma ARV, ndipo achinyamata a ku Malawi konkuno ndi amene ankalemba mapulogalamu ake ndi kukonza makinawo. Ngati munaonapo kasitika ka timizeremizere komata pa buku la kuchipatala, nzeru yake inachokera kumeneko. Kuchokera pano kukafika ku Central ndi ulendo wapansi.

Za William Kamkwamba sindichita kukuuzani. Mnyamata wa ku Wimbe ku Kasungu, atasiya sukulu chifukwa cha fizi nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002, anapanga makina a mphepo opangira magetsi ali ndi zaka 14, pogwiritsa ntchito zitsulo zotola, njinga ya bambo ake ndi dayinamo. Chomwe ndimatolapo ine n'chakuti dayinamo ija sinapangidwire makina a mphepo. Inali ya nyali ya njinga. Koma popeza inali chipangizo choima pachokha, chochotseka, iye anatha kuichotsa uku n'kuiika uko. Ikanakhala yomatidwa ndi guluu m'kati mwa chinthu china, nkhani ija sitikanaimva.

Ndiye ine ndachita nazo chiyani? Ndikuuzani ziwiri, ndipo yoyambayo muli manyazi anga.

Kwathu kuno ku Area 1 timakhala nyumba ya lendi, mita ya madzi imodzi mabanja atatu. Masiku ena madzi amabwera pakati pa usiku. Mayi amasiya mpopi wotsegula, paipi ili mu dramu, kuti akabwera adzaze. Tsiku lina tonse tinagona tulo tofa nato, dramu inadzaza, madzi n'kusefukira mpaka m'mawa. Bilu itabwera panali msonkhano wa pabwalo, ndipo mawu omwe mayi analandira tsiku limenelo sindingawabwereze pamaso pa a Patironi. Ine ndinati vuto ili ndithana nalo.

Ndinapeza sensa yotchedwa HC-SR04, ili ndi timaso tiwiri. Diso limodzi limatulutsa kaphokoso komwe khutu la munthu silimva, linalo limamvetsera kaphokosoko kakagunda madzi n'kubwerera. Phokoso limayenda pafupifupi mamita 343 pa sekondi, ndiye mukadziwa nthawi yomwe latenga kupita ndi kubwera, mwadziwa kuti madzi ali pati. Zomwe zija tinkaloweza mu Physics popanda kudziwa ntchito yake. Ndinalumikiza pa Raspberry Pi mothamanga, osawerenga bwino. Sensa imeneyi imabweza mavolti 5, pomwe timano ta Raspberry Pi timalandira 3.3 basi. Pamafunika marezisita awiri pakati kuti atsitse mphamvu. Ine sindinaike. Dzino limodzi linapsa, ndipo mpaka lero siligwira ntchito. Safunsa anadya phula. Mwayi wake kakompyutako sikanafe, ndinangosamukira pa dzino lina.

Vuto lachiwiri linabwera patatha sabata. Magetsi anazima kakompyutako kakulemba zinthu pa memori khadi, ndipo atayakanso sikanadzuke. Ndinalira, ndimayesa kapita. Amalume anangoti, "Chotsa khadiyo uike ina." Ndinalembanso pulogalamu pa khadi ina, n'kudzuka ngati sipanachitike kanthu. Ndinaphunzira ziwiri: kusunga kope ya khadi nthawi zonse, komanso kuti ntchito ya dramu sinkafunika kompyuta yathunthu. Ndinaisamutsira pa Arduino, yomwe imagwirizana ndi mavolti 5 a sensa ija ndipo moto ukazima n'kubwera imangopitiriza. Nayonso inandipatsa phunziro. Nditaiika pa power bank, inkazima yokha pakapita kanthawi, chifukwa Arduino imakoka moto wochepa kwambiri moti power bank imayesa kuti palibe chomwe chalumikizidwa. Ndinapempha batire lotopa kwa wa kabaza wina wa njinga yamoto, ndipo ilo linagwira. Pano madzi akatsala pang'ono kufika pakamwa pa dramu, kabelu kamalira pawindo la mayi. Sensa yoyamba inachita dzimbiri ndi chinyezi patatha miyezi iwiri, ndinasintha sensa yokhayo, zina zonse zili zomwezija.

Bambo ataona zonsezi anaseka. Anati, "Mwana iwe, pulambala akanangoika kampira koyandama kaja kotseka madzi, bwenzi zitatha kalekale." Ndipo akunena zoona. Si vuto lililonse lofuna kompyuta, ndipo amene angakuuzeni kuti timakina iti ndi mankhwala a chilichonse akukunamizani. Koma kampira kakanatseka madzi osandiphunzitsa kanthu. Dramu ija inandiphunzitsa kuwerenga mapulani a mawaya, kugwira tesita, kuwotcherera, ndi kulemba pulogalamu. Lero kasitomala akandipeza ndekha pa benchi, potchajira ndimasintha ndekha, ndipo amalume amandigawira yanga pa foni iliyonse yomwe ndakonza.

Chachiwiri ndi chomwe ndikufuna kalabu ichite. Raspberry Pi itamasuka ku dramu, ndinaisandutsa laibulale. Pali pulogalamu yaulere yotchedwa Kiwix yomwe imasunga Wikipedia kuti muziwerenga popanda intaneti. Wikipedia yonse ya Chingerezi ndi zithunzi zake ndi pafupifupi magigabayiti 100, koma ilipo yogawa m'zigawo zing'onozing'ono, monga ya masamu, ya sayansi kapena ya zaumoyo. Palinso ina yotchedwa Kolibri, yopangidwa ndi bungwe la Learning Equality, momwe mumaikamo mavidiyo ndi mafunso a Khan Academy. Mumakopera kamodzi kokha pamalo pomwe pali intaneti yabwino. Mukatero kakompyutaka kamatulutsa Wi-Fi yakeyake. Aliyense ali pafupi amalumikiza foni yake, n'kutsegula, n'kumawerenga. Bandulo osagula, mayunitsi osadyeka, ngakhale foni yopanda simu khadi imalowa. Nzeru imeneyi si yanga. Bungwe la World Possible linapanga chofanana nacho chotchedwa RACHEL, chomwe chimagwiritsidwa ntchito m'sukulu za kumadera opanda intaneti m'mayiko ambiri.

Mng'ono wanga ali Fomu 3. Iye ndi anzake amakhala pakhonde pathu madzulo, mafoni asanu ndi atatu nthawi imodzi, ndipo zowerenga zimatseguka bwinobwino. Onse akatsegula mavidiyo pamodzi kamayamba kukoka miyendo, zimenezo ndavomera. Koma taganizani kuti muholo muno muli kabokosi kotere Loweruka lililonse, momwe taikamo manotsi athu ife amene tinalemba kale, ndi mapepala a mayeso akale omwe aphunzitsi ankatipatsa. Ndi angati muno amene bandulo inakutheranipo vidiyo ya masamu ili pakati? Kwezani manja. A Mlembi lembani, pafupifupi holo yonse, ndi anyamata a sipika omwe.

Tsopano zoipa zake, chifukwa chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Choyamba, madola 35 aja ndi a bolodi yokha, komanso ndi mtengo wa kunja. Kuti ifike kuno pali thiransipoti, pali msonkho, pali nkhani ya ndalama zakunja. Mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo chilichonse chochokera kunja chinakwera nayo. M'mashopu a mu Old Town simungangolowa n'kuipeza ngati tchaja. Nthawi zambiri pamafunika kuitanitsa kapena kutuma wobwera kuchokera ku Joni.

Chachiwiri, ngati cholinga chanu ndi kulemba ma CV ndi makalata ofunsira ntchito, laputopu ya kaunjika ikhoza kukuthandizani kuposa aka, chifukwa imabwera ndi sikirini, kiyibodi ndi batire zake. Pa ntchito imeneyo sindingakunamizeni.

Chachitatu, aka sikayendera Windows yomwe tinazolowera. Kamayendera Linux, ndipo malangizo ake ambiri ali m'Chingerezi. Masabata oyamba mutu umawawa. Kamafunanso tchaja yamphamvu, ya ma amp awiri ndi theka. Mukaika tchaja ya pamsika yosalimba kamayamba kudandaula pa sikirini kuti moto ukuchepa. Fumbi la mu October nalo sikalikonda, pamafunika kabokosi, ngakhale ka pulasitiki kosungira sopo.

Chachinayi, ndipo ichi n'chofunika, sikapereka ntchito. Palibe amene adzakulembeni ntchito chifukwa munayatsa kababu. Chomwe kamapereka ndi poyambira. Mu mzinda uno muli mHub, yomwe Rachel Sibande anayambitsa mu 2013, komwe achinyamata amaphunzira zamakompyuta. Mu January 2020 UNICEF inatsegula African Drone and Data Academy kuno ku Lilongwe, ndipo drone mukaitsegula mupezamo zomwezi: kabolodi, masensa, timamota ndi batire, zolumikizana ndi mawaya. Malo oterewa akatsegula mwayi, amene anagwirapo kale waya ndi tesita amakhala ndi chonena pa intavyu. Winayo amangoti "ndimakonda teknoloji", ngati mmene tonse timalembera.

Ndiye pempho lathu ndi ili. Tisagule zapamwamba. Raspberry Pi 5 inatuluka mu 2023 ndipo ndi yamphamvu, koma ndi yodula ndipo imadya moto wambiri. Ya laibulale yanga ija ikukwana, ndipo ndaipereka kuti kalabu izigwiritsa ntchito, dzino lakupsa lomwelo. Ndalama za kalabu zigule memori khadi yayikulu imodzi ndi ina yosungira kope, tchaja yodalirika, ma Arduino anayi otchipa aja kuti tizikhala m'magulu anayi, masensa ochepa, mawaya, marezisita, tesita imodzi ndi chowotcherera chimodzi. Mitengo tinakafunsa ndipo tapereka kwa a Msungichuma, aliyense akhoza kukaona. Malinga ndi mitengo ya sabata ino, ndalama zitsalako.

Tikupemphanso malamulo atatu. Zipangizo zizikhala mu loka ya kalabu, wotenga azisaina m'buku, kuphatikizapo ine. Wowotcha chipangizo mwangozi asalipitsidwe, koma aimirire kutsogolo afotokoze chomwe analakwitsa kuti ena asabwereze. Tikayamba kulipiritsana, aliyense aziopa kugwira, ndiye tabwerera ku kompyuta ya pakhomo ija yosaloledwa kukhudza. Lachitatu, gulu lililonse likhale ndi atsikana, ndipo asakhale olemba manotsi pomwe anyamata agwira mawaya. Ndikunena izi chifukwa ndikudziwa momwe zimayambira. Mnyamata amati "bweretsa ndikuthandize", basi chowotcherera chapita, iwe watsala wogwirizira tochi.

Kwa anzanga a sipika, mfundo yanu ndi yomveka ndipo sindikuipeputsa. Sipika ibweretsa ndalama mwezi womwewo, pomwe zathuzi mwezi woyamba zibweretsa mutu wowawa. Kalabu imafuna ndalama, zoona. Koma ndili ndi mafunso awiri. Masipika obwereketsa mu Area 1 muno alipo angati kale, ndipo ife tidzawaposa ndi chiyani? Funso lachiwiri ndi lomwe ndimaliona pa benchi sabata iliyonse. Masipika a batire amabwera kwa amalume, ambiri chafa ndi batire kapena kabolodi kotchajira. Yathuyo ikadzafa pakati pa chinkhoswe cha eni ake, adzaitsegule ndani muno? Tikayamba ndi tesita ndi chowotcherera, chaka chamawa tikhoza kugula sipika yakufa pamtengo wotsika n'kuidzutsa tokha. Tikayamba ndi sipika, ikafa tidzabwerera ku ndowa ndi sopo kukatsuka magalimoto. Ndiye ine sindikuti sipika ayi. Ndikuti sipika pambuyo.

Mukavotera sipika sindinyanyala, ndidzabwera kudzanyamula nawo, ndipo laibulale ndidzabweretsabe. Koma musanavote ndikupemphani chinthu chimodzi. Loweruka bwerani ola limodzi msonkhano usanayambe, 1 koloko. Ndidzabweretsa dramu yaing'ono, sensa ndi kabelu, aliyense adzayese kulumikiza ndi manja ake. Bwerani ndi mafoni anu mudzalowe mu laibulale, mudzaone nokha ngati ikudya bandulo. Ndipo fufuzani m'nyumba mwanu: kiyibodi yakale, mawusi, mawaya a USB, tchaja ya m'galimoto, wailesi yakufa, chilichonse chomwe mayi akhala akunena kuti atayira kudzala. Musataye, bweretsani tidzaone chomwe chili moyo m'katimo. Amene ali ndi TV yaing'ono yoti tingabwereke maola awiri aonane ndi a Mlembi.

A Tcheya, ndaona mwayang'ana wotchi kachitatu. Mafunso ndiyankha, kupatula loti dzino lija ndinaliwotcha bwanji, chifukwa ndafotokoza kale ndipo kawiri sindibwereza.